Mlendo ndiye abwera ndi kalumo kakuthwa: kukaonana ndi akuluakulu a makampani a mapulogalamu

Ndikudziwa kuti kwa ambiri a inu tsiku lopuma ndi limodzi lokha pa sabata, ndipo ndi lomwelo lochapa zovala zanu, lopita kokapemphera ndiponso loimbira foni kumudzi. Pachifukwa ichi sindikutayirani nthawi.

Nkhani ya lero, poimva koyamba, ingaoneke ngati si yathu. Mayi wochapa ndi kusita m'nyumba ya eni ku Johannesburg, bambo wothyola mphesa ku De Doorns, mnyamata wokolola malalanje ku Limpopo, angakhale ndi mawu anji okauza akuluakulu a kampani yopanga mapulogalamu a pakompyuta ndi pafoni? Koma tapisani dzanja m'thumba. Foni ili m'menemoyo ndi imene mumatumizira ndalama za feteleza ndi za fizi, ndi imene ena a inu mumapezera ganyu, ndipo m'mafamu ena ndi makina amene amawerenga maola anu mukadinda chala m'mawa. Kuseri kwa zonsezi kuli makampani, ndipo m'makampanimo muli anthu owerengeka amene amagamula kuti potumiza ndalama mudulidwe zingati, uthenga ubwere m'chilankhulo chanji, ndiponso dandaulo lanu limvedwe ndi yani. Anthu amenewa n'kotheka kuwafikira. Magulu athu a chipeleganyu, a maliro ndi a mapemphero ali ndi zinthu zimene makampaniwa akuzisowa, ndipo lero ndikufuna tione mmene tingapitire kwa iwo ndi ganizo la malonda n'kubwerako titapindula.

Mfundo yanga ndi imodzi. Mukamapita kwa akuluakulu amenewa, mukupita mutasenza katundu. Mudziwe mtengo wake musananyamuke, ndipo musamutule pakhomo pawo musanalemberane.

Katunduyo ndi chiyani? Choyamba ndi kuchuluka kwanu. Kampani ya mapulogalamu imawononga ndalama zambiri posaka kasitomala watsopano: imalipira zolengeza pa Facebook, imalipira anyamata oima pamalo okwerera matekisi, ndipo ambiri mwa anthu opezeka m'njira imeneyi amayesa pulogalamuyo kamodzi n'kuisiya. Gulu la anthu 200 odziwana, okumana mwezi ndi mwezi, omverana mawu, ndi chuma chimene kampani singachipeze pamsewu. Chachiwiri ndi chikhulupiriro. Munthu wa kwathu sapereka ndalama zake za thukuta kwa makina chifukwa choti waona chikwangwani. Amapereka chifukwa mlamu wake adayesa, ndipo ndalamazo zidawafikadi amayi ku Mzimba, ku Chipata kapena ku Angónia. Chachitatu ndi kudziwa kwanu. Inu ndi amene mukudziwa kuti pafamu ina netiweki imagwira pokhapokha ukakwera pachulu, kuti foni imodzi imagwiritsidwa ntchito ndi anthu atatu, kuti agogo olandira ndalama kumudzi sawerenga Chingerezi, ndiponso kuti wantchito wa m'nyumba sangayankhe foni masana abwana ali pomwepo.

Mbiri ya M-Pesa ikuchitira umboni za kulemera kwa kudziwa kumeneku. Mu 2005 njirayi idayesedwa ku Kenya n'cholinga choti anthu azibwezera ngongole zing'onozing'ono kudzera pafoni. Amene adapatsidwa kuti ayese adayamba kuigwiritsa ntchito potumizirana ndalama okhaokha. Eni ake ataona zimenezo adasintha maganizo, ndipo pamene Safaricom inkaikhazikitsa mu Malichi 2007, idaikhazikitsa ngati njira yotumizira ndalama kumudzi. Anthu wamba ndiwo adaonetsa akatswiri ntchito yeniyeni ya chinthu chimene akatswiriwo adapanga. M-Pesa yomweyo italowa mu South Africa mu 2010 siidagwire msika, ndipo Vodacom idaitseka mu 2016. Ndalama ndi ukatswiri zidalipo, koma zosowa za anthu a kuno zidali zosiyana ndi za ku Kenya. Akuluakulu a makampani amazidziwa nkhani zotere, ndipo amaopa kuwononga ndalama pa chinthu chimene anthu sadzachifuna. Makolo athu adati mlendo ndiye abwera ndi kalumo kakuthwa. Alendo m'dziko muno ndife, ndipo kalumoko tili nako.

Tsopano kudziwa kumeneku kuyenera kusanduka ganizo limodzi lomveka. Kudandaula kuti moyo wa kuno ndi wowawa ndi zoona, koma mkulu wa kampani alibe pogwira pa mawu amenewo. Ganizo la malonda limanena vuto lake, kuchuluka kwa anthu amene ali nalo, chimene mukufuna kampaniyo ichite, chimene inu muchite, ndi phindu la aliyense.

Tiyerekeze motere. Gulu lanu lili ndi anthu 200, ndipo aliyense amatumiza R1,000 kumudzi mwezi uliwonse. Pamodzi ndi R200,000 pa mwezi, kapena R2,400,000 pa chaka. Ngati pa R100 iliyonse mukudulidwa R8, gulu lanu likusiya R192,000 pa chaka m'manja mwa otumiza ndalama. Mtengowo utatsika kufika pa R5, R72,000 ingatsale m'matumba mwanu. Manambala awa ndi ongoyerekeza. Inu mukasonkhanitse anu enieni kuchokera pa malisiti a mamembala a miyezi itatu. Mukatero mungathe kupita ku kampani yotumiza ndalama, monga Mukuru kapena Mama Money, n'kunena kuti: tili ndi anthu akutiakuti, timatumiza zakutizakuti, tikufuna mtengo wa gulu, ndipo ena mwa ife aphunzitsidwe n'kumalipidwa monga othandiza anzawo kulembetsa. Mulinso ndi pogwira pena. Mu 2015 mayiko a m'bungwe la United Nations adagwirizana kuti pofika 2030 mtengo wotumizira ndalama kunja utsike kufika pansi pa 3 peresenti, pamene malipoti a World Bank akhala akusonyeza kuti South Africa ndi limodzi mwa mayiko okwera mtengo kwambiri potumiza ndalama kunja. Pempho lanu lili pa njira imene mayiko adalonjeza kale.

Ganizo lina lingakhale la maola ndi malipiro. Malamulo a ntchito za m'nyumba, otchedwa Sectoral Determination 7, ndi a ntchito za m'mafamu, Sectoral Determination 13, amalamula kuti wolemba ntchito azipereka pepala la malipiro tsiku lililonse lolandira. Malipiro otsikitsitsa ololedwa adafika pa R28.79 pa ola pa 1 Malichi 2025, ndipo ndi amodzi kwa wa m'nyumba ndi wa pafamu. Komabe ambiri a ife tikafika ku CCMA timasowa umboni wa maola amene tidagwira, pamene nkhani yochotsedwa ntchito mopanda chilungamo iyenera kukatulidwa kumeneko pasanathe masiku 30. Pulogalamu yosavuta ya m'Chichewa, yoyendera pa WhatsApp kapena pa manambala oimba aja a nyenyezi, yoti munthu azilembamo nthawi imene wayamba ndi imene waweruka, ingapulumutse anthu ambiri. Gulu lanu lingapereke anthu oiyesa ndi oimasulira, molipidwa. Maganizo onse awiriwa ndi abwino, koma pamsonkhano woyamba mutenge limodzi lokha. Mapanga awiri avumbwitsa.

Musanalembe kalata, konzani za m'nyumba mwanu. Funso loyamba la mkulu wa kampani lidzakhala lakuti: kodi mukulankhulira yani, ndipo tikagwirizana tisainirana ndi yani? Itanani msonkhano wa gulu, fotokozani ganizolo, ndipo mamembala avomereze poyera. Zolemba za msonkhanowo zisungidwe. Sankhani anthu atatu okaimira gulu, ndipo gulu liwauze malire awo: ichi mungavomere, ichi mubwere nacho kuno kaye. Ngati mukufuna kulandira ndalama monga gulu, ganizirani zolembetsa. M'dziko la South Africa kopaletivi imalembetsedwa ku CIPC potsatira lamulo la makopaletivi la 2005, ndipo imayamba ndi anthu osachepera asanu. Popeza chiphaso chimene munthu ali nacho chimanena ntchito kapena malonda amene akuloledwa kuchita, funsani uphungu musanalembe dzina la aliyense pa pepala la boma. Mabungwe monga SADSAWU, Izwi Domestic Workers Alliance, Women on Farms Project ya ku Stellenbosch, Casual Workers Advice Office ya ku Germiston ndi Lawyers for Human Rights alipo, ndipo kuyenda limodzi ndi bungwe lodziwika kumatsegula makomo amene gulu laling'ono lingagogode chaka chathunthu.

Kenaka iphunzireni kampaniyo monga mmene munthu amafufuzira banja limene akukafunsirako mbeta. Imapeza bwanji ndalama? Makasitomala ake ndi ayani? Ikufuna kukulira mbali iti? Zambiri mwa izi makampani amazilemba okha pa intaneti. Mwachitsanzo, SweepSouth, imene imalumikiza ogwira ntchito za m'nyumba ndi eni nyumba kudzera pafoni, idayambitsidwa ku Cape Town mu 2014 ndi Aisha Pandor ndi Alen Ribic, ndipo mu 2019 Naspers Foundry idaikamo R30 miliyoni. Kampaniyi yakhala ikutulutsa lipoti la chaka ndi chaka la malipiro ndi moyo wa ogwira ntchito za m'nyumba. Munthu amene wawerenga lipoti lotere asanapite amalankhula ndi eni ake pogwiritsa ntchito manambala awo omwe. Nkhani ya oikamo ndalama ikutiphunzitsanso kanthu kena: bwana wamkulu wa kampani nayenso ali ndi mabwana ake. Pa miyezi ingapo iliyonse amakaima pamaso pa bodi n'kufotokoza ngati makasitomala achuluka ndiponso ngati ndalama zikulowa. Ganizo limene lingamuthandize kuyankha mafunso amenewo ndi limene adzalimvetsere.

Mudziwenso kuti akuluakuluwo ali ndi maudindo osiyana. Pamwamba pali amene amamutcha CEO, woyang'anira kampani yonse. Pali woona za ndalama, amene funso lake ndi lakuti zitidyera zingati. Pali woona za ukatswiri wa makompyuta, amene amasunga nthawi ya opanga mapulogalamu monga mayi amasungira ufa m'mwezi wa Febuluwale, chifukwa anthu amenewa ndi ochepa, malipiro awo ndi okwera, ndipo ntchito zawo zimakhala zitandandalikidwa kale miyezi ingapo kutsogolo. Pali woona za zimene pulogalamu iyenera kuchita, ndiponso woona za migwirizano ndi magulu akunja. Pa kampani yaing'ono mungalembere mwini wake mwachindunji. Pa kampani yaikulu khomo labwino kawirikawiri ndi la woona za migwirizano, chifukwa kumva maganizo ngati anuwa ndiyo ntchito imene adamulembera. Mayina ndi maudindo a anthu amenewa amapezeka pa tsamba la kampani ndi pa LinkedIn. Samalani ndi ofesi yoona za zachifundo. Anthu ake ndi aulemu, koma mukalowera kumeneko mungatuluke ndi mabulangete ndi chithunzi, ganizo lanu la malonda litatsala panja.

Kumudzi munthu safika kwa mfumu yekha. Amadzera kwa nduna. Kunonso ndi chimodzimodzi. Kalata yobwera ndi munthu amene mkuluyo amamudziwa imawerengedwa msanga kuposa yongotulukira. Mkhalapakati angakhale wa ku bungwe la ogwira ntchito, mphunzitsi wa ku yunivesite amene amafufuza za ntchito zathu, m'busa, ngakhale ejenti wa kampaniyo amene mumatumizirako ndalama, amene angakulozereni kwa woyang'anira dera. Ena a inu mukugwira ntchito m'nyumba za anthu a maudindo otere. Pamenepo ndikupemphani kudekha. Musawatulire abwana nkhaniyi ali pa tebulo la chakudya, ndipo musatenge nambala kapena dzina la munthu pa mapepala amene mwawaona m'nyumba mukukonza, chifukwa zimenezo zingakuchotsetseni ntchito. Pemphani mphindi zochepa pa nthawi yoyenera, nenani kuti ndi nkhani ya gulu, ndipo funsani ngati angakulozereni kwa woyenera. Akakana, ithere pomwepo. Mlembi wa mkulu wa kampani nayenso mumlemekeze kwambiri, pakuti ndiye wasunga buku la nthawi ya bwana wake.

Kalata yanu ikhale yaifupi, yoti munthu aiwerenge pafoni akudikira chikepe. Chizolowezi chathu ndi kuyamba ndi moni wautali, kufunsa za moyo, kenaka n'kufika pa nkhani. Ulemu umenewo ndi wabwino pakati pathu, koma munthu amene amalandira makalata ambirimbiri pa tsiku amaweruza kalata ndi mizere iwiri yoyamba. Lembani moni wa mzere umodzi. Nenani kuti ndinu ayani ndipo mulipo angati. Nenani vuto m'chiganizo chimodzi, ganizo lanu m'ziganizo ziwiri, phindu la kampani m'chiganizo chimodzi, ndipo mutsirize ndi pempho looneka: kukumana kwa mphindi 30, pamaso kapena pafoni, pa tsiku limene inu muli omasuka. Musaope kunena kuti mungathe Loweruka masana kapena madzulo okha. Zimenezo zikuwaphunzitsa kale za moyo wa makasitomala awo. M'kalatamo musaikemo mndandanda wa mamembala, ndipo musafotokoze tsatanetsatane wa mmene ganizolo lidzayendere. Pakatha sabata imodzi kapena awiri osayankhidwa, kumbutsani mwaulemu. Mukakumbutsa kawiri popanda yankho, gogodani khomo lina.

Tsiku lokumana likafika, mupite atatu, aliyense ndi ntchito yake: wolankhula, wosunga manambala, ndi wolemba zonse zimene zanenedwa. Fikani nthawi isanakwane. Ambiri a ife tidaleredwa kuti pamaso pa wamkulu tiziyang'ana pansi, tizilankhula motsitsa, tizivomera ngakhale pamene mtima wakana, ndipo zaka zogwira ntchito m'nyumba za eni zidakulitsa chizolowezichi. M'chipinda chimenecho munthu woyang'ana pansi amaoneka ngati sakukhulupirira zimene akunena. Khalani pa mpando umene mwapatsidwa, yang'anani amene mukulankhula naye, mutchuleni ndi dzina limene wadzitchula nalo. Simudalembedwe ntchito ndi iyeyo. Mwabwera monga eni katundu. Ngati Chingerezi chikuvuta, tengani womasulira wanu, ndipo lankhulani m'Chichewa mosachita manyazi. Mawu amene simudawamve, funsani tanthauzo lake nthawi yomweyo, pakuti safunsa adadya phula.

Lankhulani mphindi zisanu, kenaka mvetserani. Adzakufunsani kuti mwa anthu anuwo ndi angati amene adzagwiritsedi ntchito chinthucho, ndi angati ali ndi mafoni a intaneti, ndiponso chifukwa chimene kampaniyo singachitire zimenezi popanda inu. Yankhani zoona zokhazokha. Ngati mamembala okhazikika ndi 80, musanene 500, chifukwa makina awo adzawerenga okha, ndipo bodza likaululika khomo limatsekekeratu. Musapemphe zazikulu tsiku loyamba. Pemphani kuyesa: anthu 50, miyezi itatu, ndipo mugwirizane pasadakhale chimene chidzasonyeze kuti zatheka. Mkulu wa kampani amavomera msanga chinthu chaching'ono chimene angathe kuchiimitsa, kuposa chachikulu chimene chingamuchititse manyazi pamaso pa bodi. Musanatuluke, funsani kuti chotsatira n'chiyani, achite ndani, pofika liti. Tsiku lomwelo tumizani imelo yothokoza, yobwereza zonse zimene mwagwirizana. Imelo imeneyo ndi umboni wanu woyamba.

Tafika pa gawo limene ndikufuna mulisunge kuposa ena onse, la kudziteteza. Mu 2000 mnyamata wina wogwira ntchito mu ofesi ya zowerengera ndalama ku Vodacom, Nkosana Makate, adapereka kwa akuluakulu ake ganizo limene lidabala Please Call Me, uthenga uja timatumiza tikakhala opanda mayunitsi. Adalonjezedwa pakamwa kuti adzakambirana za malipiro ake. Ntchitoyo idayamba mu 2001. Iye adakasuma mu 2008, ndipo mu Epulo 2016 khoti lalikulu loona za malamulo oyendetsera dziko lidagamula kuti mgwirizano udalipodi ndipo kampaniyo ikambirane naye. Mu 2019 zidamveka kuti adamuikira R47 miliyoni, iye adakana, ndipo nkhaniyo idabwereranso kukhoti. Zaka zoposa 20 zidatha munthu akulondola lonjezo la pakamwa, chonsecho iyeyo adali nzika, wophunzira, wokhala ndi maloya. Nanga ife, amene chiphaso chathu chili ndi tsiku lothera? Lamulo siliteteza ganizo longonenedwa monga mmene limatetezera chinthu cholembedwa ndi kusainidwa. Chotero musanaulule tsatanetsatane, pemphani pepala logwirizana kusunga chinsinsi. Makampani ena amakana kusaina pepala lotere pamsonkhano woyamba, ndipo zikatero muwauze zokwanira kuti achite chidwi, zotsalazo musunge. Chitetezo chanu chachikulu n'chakuti ganizo angathe kulitenga, koma anthu anu ndi chikhulupiriro chawo sangazitenge popanda inu.

N'chifukwa chake mndandanda wa mayina muusunge ngati mbewu. Mayina, manambala a foni, manambala a mapasipoti, malo ogwirira ntchito ndi mtundu wa chiphaso cha munthu ndi zinthu zimene zikagwera m'manja olakwika zingachotsetse munthu ntchito, ngakhale kumugwiritsa. Mtsogoleri wa gulu alibe ufulu wopereka zimenezi m'malo mwa anzake. Lamulo la South Africa loteteza mbiri ya munthu, lotchedwa POPIA, lidayamba kugwira ntchito mokwanira pa 1 Julayi 2021. Limafuna kuti wotenga mbiri yanu akhale ndi chifukwa chomveka, atenge zokhazo zofunika pa chifukwacho, azisunge motetezeka, ndipo limakupatsani ufulu wofunsa zimene akusunga zokhudza inu ndi kupempha kuti zikonzedwe kapena zifufutidwe. Madandaulo amapita ku ofesi ya Information Regulator. Choncho funsani poyera: mukufuna chiyani chokhudza anthu athu, muchisunga kuti, adzachiona ndani, ndipo kuyesa kukatha mudzachita nacho chiyani? Membala aliyense alembetse yekha, atamva m'chilankhulo chake chimene akuvomera.

Pepala la mgwirizano musalisaine tsiku limene mwalilandira. Pitani nalo kwa loya kapena ku ofesi ya uphungu, ndipo muone bwino dzina la kampani imene yalembedwapo. Mu 2017 CCMA idagamula kuti madalaivala ena a Uber ndi antchito a kampaniyo, koma mu Januwale 2018 khoti la za ntchito ku Cape Town lidathetsa chigamulocho, chifukwa mgwirizano wa madalaivalawo udali ndi Uber BV ya ku Netherlands, pamene iwo adasumira Uber ya ku South Africa. Dzina limodzi pa pepala lidagwetsa mlandu wonse. Onaninso kuti malipiro anu alembedwa m'manambala ndi masiku ake, kuti njira yotulukira mu mgwirizano ilipo, ndiponso kuti simukudzimanga kwa kampani imodzi kwa zaka zambiri posinthana ndi zinthu zazing'ono. Nthawi imene mamembala ataya poyesa, pomasulira ndi poyankha mafunso ndi ntchito, ndipo ntchito imalipidwa. Mayunitsi ndi sikipa si malipiro.

Pali zinthu zimene sizigulitsidwa pa mtengo uliwonse. Pa 19 Novembala 2020, pa mlandu wa Mahlangu, khoti lalikulu lija lidagamula kuti ogwira ntchito za m'nyumba nawonso ayenera kulandira chipukutamisozi akavulala kapena kumwalira pa ntchito. Mu 2008, pa mlandu wa Discovery Health, khoti la za ntchito lidanena kuti mlendo amene chiphaso chake chatha amakhalabe wantchito wotetezedwa ndi malamulo a ntchito. Ufulu umenewu udabwera ndi misozi ya anthu. Ngati mgwirizano ukufuna kuti mamembala anu avomere kuti si antchito pamene akugwira ntchito monga antchito, kapena kuti gulu lanu lisiye kulankhula za malipiro ndi nkhanza, ukaneni ngakhale ukhale wonona chotani. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Pofuna muyeso woyezera kampani, gwiritsani ntchito mfundo zisanu za Fairwork, kafukufuku wa ku Oxford Internet Institute amene wakhala akupereka mamalikisi kwa makampani otere mu South Africa kuyambira 2019: malipiro oyenera, malo ndi kagwiridwe ka ntchito kotetezeka, mgwirizano womveka, utsogoleri womva madandaulo, ndi ufulu wa ogwira ntchito wolankhula monga gulu. Akuluakulu ambiri amazidziwa mfundozi, ndipo mukazitchula adzazindikira kuti mwabwera mutakonzeka.

Mwina adzakana, ndipo kawirikawiri koyamba amakana. Kukana kwa kampani nthawi zambiri kumatanthauza kuti ndalama za chaka chino zidagawidwa kale, kapena kuti opanga mapulogalamu atanganidwa ndi zina. Funsani chimene chikadasintha yankholo ndi nthawi imene mungabwerenso, lembani, thokozani, ndipo mupite kwa opikisana nawo. Manambala amene mudasonkhanitsa ndi anu, ndipo adzagwira ntchito pa khomo lachiwiri monga adagwirira pa loyamba. Kaya avomera kaya akana, atatu aja abwerere ku gulu n'kufotokoza zonse, kuphatikizapo mphatso iliyonse imene alandira ndi lonjezo lililonse la ntchito limene wina wapatsidwa payekha. Magulu ambiri amasweka pamene mamembala ayamba kukayika kuti atsogoleri adya okha, ndipo gulu likasweka katundu uja watha, pakuti chimene kampani imafuna kwa inu chidali umodzi wanuwo.

Ndikusiyirani ntchito ya mwezi uno. Pamsonkhano wotsatira wa gulu lanu, aliyense abwere ndi malisiti ake otumizira ndalama a miyezi itatu, kapena kope limene amalembamo maola ake. Phatikizani, osalemba mayina. Nambala imene ituluke pamenepo ndiyo chiganizo choyamba cha kalata yanu, ndipo ndikhulupirira kuti idzayamba yakudabwitsani inu eni musanaitengere kwa akuluakuluwo.

Muyende bwino pobwerera, ndipo mukapereke moni kwa anzathu amene sadapatsidwe mpata wobwera lero.